Fizi yanga imachokera ku kasino

Malume anga ndi mmisiri woika matailosi ku Joni. Pomwe ndinkayamba yunivesite, anapeza ganyu ku Sun City, komwe ankakonzanso zipinda za hotela ndi kumanga nyumba zina zogona alendo. Sabata iliyonse ankanditumizira zithunzi pa WhatsApp: lero bafa yogumulidwa, mawa matailosi onyezimira ngati galasi. Mwezi ukatha ankatumiza ndalama, ine n'kulipira fizi.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Malume, ndalama zomangira zonsezi amazitenga kuti?" Anaseka n'kundiuza kuti ndiphunzire masamu a njuga. Gudumu la roulette lili ndi manambala 37, koma ukalosera bwino nambala imodzi amakupatsa phindu la ka 35 pa ndalama yomwe unaika. Kasiyana kakang'onoko ndi ka eni kasino, usiku ndi usana. Sun City inatsegulidwa mu 1979 ku Bophuthatswana, nthawi yomwe njuga zotere zinali zoletsedwa ku South Africa, ndipo mpaka lero gudumulo likuzungulirabe.

Apa ndipo mtima wanga umagawanika. Ku hositelo ndili ndi mnzanga amene anabetcha ndalama yonse ya chakudya pa foni, natha sabata akudya kamodzi patsiku. Ndinamudzudzula kwambiri, kenako ndinakumbukira kuti gawo la fizi yanga linaluzidwa ndi munthu wonga iyeyo.

Malume sindingawaletse ntchito, ndipo fiziyo sindingaikane. Chomwe ndinachita ndi chimodzi: ndinafufuta pulogalamu yobetchera pa foni yanga.