Kalata yochokera ku Joni

Amayi,

Ndalama ya malata ndatumiza, achimwene akatenge ku Balaka.

Kuno ku Johannesburg kukuzizira koopsa. Kachipinda kanga ku Mayfair kamadya theka la malipiro, koma bafa timalimbirana mabanja angapo. Munthu umadwala osamva ngakhale odi pakhomo, ndipo ukayankha foni m'Chichewa mu minibasi, wina amang'ung'udza kuti kwerekwere. Ndimangomeza mate.

Nkhani ya mwana wa achemwali yandisowetsa tulo. Mwati wakwana zaka 4 osalankhula, ndiye ena akuti adamutsempha, ena akuti watengera amalume aja adagonekedwa ku Zomba Mental. Amayi, mwana amene ndimalera ku Randburg ali chimodzimodzi. Sayang'ana munthu m'maso, phokoso likachuluka amatseka makutu, nsapato amazindandalika pamzere tsiku lonse. Madokotala amati autism, ndipo makolo ake sam'bisa kuseri kwa nyumba. Amapita naye kwa mphunzitsi wa kalankhulidwe, ine ndimabwereza naye kunyumba. Mawu ake oyamba adandiuza ine, osati amayi ake!

Chimene chimandiwawa ndi chakudya chake. Amamugulira kabuledi kopanda tirigu, kodula kuposa ndiwo zanga za masiku angapo, pamene dokotala adawauza ndili pomwepo kuti palibe umboni woti kamachiza. Akakakana, kamapita m'bini. Ine ndimaganiza za mdzukulu wanu ndi phala lake lopanda kanthu.

Za kumtundu ndidafunsa. Zoona, zina zimayenda m'magazi, autism yomwe. Koma matenda a amalume, schizophrenia, amagwira pafupifupi munthu mmodzi pa 100, ndipo ngakhale kholo lenileni likudwala, ana 9 mwa 10 sadwala. Amayambanso kawirikawiri paunyamata, osati pamsinkhu wa sikelo. Choncho alamu asiye kunyoza mtundu wathu.

Chakudya sichidamuchititse zimenezi mdzukulu wanu, komabe ubongo umafuna kudya. Kuno ufa wam'sitolo amauthira mavitamini mwalamulo kuyambira 2003. Kwathu timakonola chimanga, kunyika, zabwino zonse kupatsa nkhuku. Mukukumbukira othawa nkhondo a ku Mozambique mu 1989 ndi 1990, khungu kusupuka, ena mutu kusokonezeka, chifukwa chodya chimanga chokhachokha mtedza utasowa? Muphikireni phala la mgaiwa lothira nsinjiro, usipa wosinja, nandolo, ndi mchere wam'paketi wa ayodini.

Za kubwera pa Khirisimasi musawerengere, basi yakwera mtengo.

Zopereka mbuzi kwa asing'anga kuti achize mdzukulu wanu ndakana. Achemwali apite naye kuchipatala cha boma ku Balaka, akamuyezenso makutu, ndipo akanene za malungo aja adakomoka nawo ali khanda. Ya thiransipoti nditumiza mwezi ukatha.

Ndine mwana wanu.