Ndinaphunzira Unamwino pa Mphasa ya Agogo

M'Chichewa chathuchi muli mau ambiri onenera munthu amene mutu wake sukuyenda bwino. Timati wapenga, wazungulira mutu kapena wabalalika. Akakhala wachikulire timafewetsako n'kumati wabwerera ku umwana. Koma ikakhala nkhalamba yaikazi, yamasiye, yosauka, n'kupezeka m'bandakucha itaima pakhomo pa eni ake, liu limene limathamangira kukamwa ndi limodzi basi: mfiti. Ine ndine namwino, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za nthenda imene imabisala kuseri kwa mau onsewa, pakuti ndinakhala nayo nyumba imodzi zaka 6.

Agogo anga, obala mai anga, anali azamba kwathu ku Dedza. Mai atatisiya mu 1999, ine ndili ndi zaka 4, ndi agogowa amene anatilera ine ndi mchimwene wanga. Sukulu sanaiponde, koma manja awo analandira ana ambiri a m'midzi yozungulira, ena mwa iwo lero ndi aphunzitsi ndi apolisi. Boma litaletsa azamba kubereketsa amai mu 2007, iwo anamvera, nayamba kumangoperekeza oyembekezera kuchipatala. Ngakhale pamene Pulezidenti Bingu wa Mutharika anachotsa chiletsocho mu 2010, iwo sanabwererenso ku ntchitoyo. Ankandiuza kuti, "Maso atha awa, mwanawe. Iwe ndiye udzapitirize, koma udzachite za m'buku." Chilakolako changa cha unamwino chinamera pamenepo.

Nthendayi inalowa mwakachetechete cha mu 2015, ine nditamaliza Folomu 4 ndipo ndikukhala ndi mai anga aang'ono ku Kawale, mu Lilongwe. Tikapita kumudzi tinkapeza ndiwo zothiridwa mchere kawiri. Mphika unkapserera pamoto iwo ali pomwepo. Ndalama ankazimanga pansonga ya chitenje, kenaka n'kuzibisa mumtsuko, mawa lake n'kumalira kuti adzukulu awabera. Tsiku lina anasochera pochokera kudimba kumene analimako zaka zoposa 40. Aliyense ankangoti ndi ukalamba.

M'dzinja la 2016 zinthu zinafika poipa. Anadzuka usiku, namanga kamtolo ka nsalu, ulusi ndi lezala, n'kuuyamba ulendo. M'mutu mwawo munali moti aitanidwa, kuli mai amene matenda amuyamba. Kunja kukuyera anapezeka m'mudzi wachiwiri, atanyowa ndi mvula, ataima pakhomo pamene mwana anali kudwala. Anthu atamasula kamtolo kaja n'kuona lezala, nkhani inatha yokha. Anati mfiti yagwa m'lichero. Ena anali atatola kale miyala. Anawapulumutsa ndi bambo wina wa m'mudzimo amene anaima pakati n'kunena kuti, "Awa ndi anaPhiri, ine ndinabadwira m'manja mwawo. Wofuna kuwakhudza ayambe wathana ndi ine."

Kumbukirani kuti mu Januwale chaka chomwecho anthu okalamba anai anaphedwa ku Neno powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Uthenga wa agogo utatipeza ku Kawale, mai aang'ono sanadikire n'komwe kuti madzi a nsima awire. Tinakwera minibasi tsiku lomwelo kukawatenga.

Kuchipatala dokotala anayamba wayeza magazi, kufufuza malungo, shuga, HIV, chindoko ndi kuchepa kwa magazi. Anatifotokozera kuti pali matenda ena amene amasokoneza mutu wa nkhalamba koma amachizika, tsono n'kofunika kuyamba waona amenewo. Chimene chinapezeka ndi BP yokwera kwambiri, imene sinayezedwepo ndi kale lonse. Kenaka anawafunsa mafunso. Lero n'lachingati? Sanadziwe. Mwadya chiyani m'mawa? Anayang'ana ine. Pulezidenti wa dziko lino ndani? Apo anayankha mosajejema: "Ngwazi, nanga pangakhalenso wina?" Tonse tinaseka, dokotala yemwe, koma pambuyo pake anatiuza dzina la nthendayo, dementia, imene ena pa Chichewa amaitchula kuti matenda oiwalaiwala.

Ndilongosole pang'ono, chifukwa ambiri sitimaidziwa. Dementia ndi kuonongeka kwa ubongo kumene kumapitirira pang'onopang'ono, ngati chiswe mumzati: kunja mtengo ukuoneka wabwinobwino, m'kati mukutha. Mtundu wofala kwambiri ndi wa Alzheimer, umene unatenga dzina la dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, amene anaufotokoza mu 1906. Mtundu wina umabwera pamene timitsempha ta magazi ta mu ubongo tatsekeka kapena kuonongeka, kawirikawiri chifukwa cha BP, shuga kapena sitiroko. Pa mtundu wa Alzheimer, mbali ya ubongo yosunga zinthu zatsopano ndiyo imayamba kufooka. N'chifukwa chake munthu amaiwala kuti wadya, koma n'kumakumbukira tsiku la chinkhoswe chake. Bungwe la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi nthendayi, ndipo ambiri mwa iwo ali m'maiko osauka ndi apakatikati, osati kwa azungu kokha monga timaganizira. Mankhwala ochiritsiratu kulibe. Alipo ongochepetsako zizindikiro kwa kanthawi.

Mu 2017 ndinasankhidwa kukachita maphunziro a zaka 3 a unamwino ndi uzamba pa sukulu ina ya CHAM. Ndinali nditayesa kawiri konse. Kalata itafika ndinavina ndekha kuseri kwa nyumba, koma madzulo ake funso linali limodzi: nanga agogo atsala ndi yani? Mai aang'ono amagulitsa kaunjika mumsika, ndiye amene ankatidyetsa tonse. Mchimwene wanga anali pa ganyu ya zomangamanga. Amene ndinkawasambitsa, kuwadyetsa ndi kugona nawo chipinda chimodzi ndinali ine.

Amalume, monga eni mbumba, anabwera kuchokera ku Dedza, ndipo tinakhala pansi Loweruka masana. Iwo anayamba ndi kuti, "Iwe mphwanga, sukulu siithawa. Amai akulera iwe uli kamwana, lero ndi nthawi yako yobweza." Sindinawayankhe msanga, pakuti mau awo anali ndi choonadi m'kati. Agogo akanatitaya mu 1999, ine ndikanakhala yani? Komabe ndinkadziwa kuti malo a sukulu ngati amenewa sadikira munthu, ndiponso kuti nthendayi ikhoza kutenga zaka 10.

Ndinagwada n'kunena kuti, "Amalume, zimene mwanenazi ndazimva. Koma agogo analera anthu angati? Inuyo, mai aang'ono, achimwene, tonse tinadya m'mbale yawo. Bwanji ngongoleyi ikugwera ine ndekha? Kodi n'chifukwa choti ndine mtsikana?"

Panakhala chete. Amene anamasula mfundo ndi mai aang'ono. "Achimwene," anatero, "mwanayu akasiya sukulu, mawa ife tikadzayamba kuiwala adzatisunga ndi chiyani? Mutu umodzi susenza denga. Tigawane."

Ndipo tinagawanadi. Amalume analonjeza matumba a chimanga ndi nyemba chaka ndi chaka, natumizanso mdzukulu wawo wamkulu amene anali atasiya sukulu, ife n'kumulowetsa sukulu ya madzulo. Mchimwene wanga anatenga usiku, nayamba kugona pabalaza chotsamira chitseko. Mai aang'ono anayamba kuweruka msanga kumsika. Amai a Chigwirizano a mpingo wathu wa CCAP ankabwera kamodzi pa sabata kudzacheza nawo. Ine ndinatenga tchuthi chilichonse ndi mapeto a sabata amene thiransipoti inapezeka. Sindinama, zinali zolemetsa. Mayeso ena ndinkawerengera pa mphasa, tochi ili kukamwa, dzanja lina litagwira agogo kuti asadzuke.

Kusukulu anatiphunzitsa kusambitsa wodwala pa chidole, kumutembenuza maola awiri alionse kuti asatuluke zilonda, kumudyetsa atakhala tsonga kuti asatsamwe. Anzanga ena ankachita manyazi kapena nseru. Ine zonsezi manja anga ankazidziwa kale, bukulo linangondipatsa zifukwa zake. Titapita ku Zomba Mental Hospital kukaphunzira za matenda a maganizo, ndinamvetsa kusiyana kwa dementia ndi matenda ena amene tonse timangowaunjika pamodzi n'kumati misala. Ndinaphunziranso kuti wodwala dementia akasokonezeka modzidzimutsa kuposa masiku onse, kawirikawiri pamakhala china chimene chalowa: malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kudzimbidwa, kapena ululu umene akulephera kuufotokoza. Nzeru imeneyi inatithandiza kawiri konse. Agogo atayamba kulusa ndi kukana chakudya, ndinauza mai aang'ono pa foni kuti athamange nawo kuchipatala, ndipo maulendo onse awiri anapezeka ndi matenda ochizika.

Koma pali zina zimene anandiphunzitsa ndi agogo eni ake. Choyamba, munthu wotere sukangana naye. Dzuwa likamalowa ankayamba kutekeseka, kumanga katundu n'kumati akupita kwawo, kapena kufunsa kuti amuna awo abwera liti, chonsecho anamwalira kalekale. Ukawauza kuti anamwalira, ankalira ngati uthengawo aumva kumene, ndipo pakatha ola limodzi ankafunsanso. Tsono tinkangoti, "Agogo, paja munakumana bwanji ndi agogo aamuna?" Basi nkhani inkayambika, ulendo uja n'kuiwalika. Chachiwiri, manja saiwala msanga. Tikawapatsa lichero la nyemba kuti asankhe, kapena chimanga kuti atongole, ankakhazikika mpaka mdima. Chachitatu ndi nyimbo. Maina athu atatha onse m'mutu mwawo, za m'buku la Nyimbo za Mulungu ankaziimba ndime ndi ndime osaphonya.

Tinachitanso zina zing'onozing'ono. Pachitseko tinamangirira zitini kuti zizilira chikatsegulidwa. M'zovala zawo tinasokeramo kansalu kolembapo nambala ya foni. Tinayenda khomo ndi khomo kuuza anansi kuti agogo akudwala, tinauzanso amfumu a m'dera lathu ndi anyamata a kabaza a pasiteji. Ena anatiseka kuti tikuulula za m'nyumba. Koma tsiku limene anatizemba masana, ndi mnyamata wa kabaza amene anawabweretsa, ndalama n'kukana.

Chopweteka kwambiri kwa ine chinali china. Kuyambira 2019 anasiya kundidziwa. Ankanditchula dzina la malemu mai anga, n'kumandifunsa kuti ana ndawasiya ndi yani. Ndinkayankha kuti ali bwino, akusewera. Pamenepo ndinkatuluka panja kaye pang'ono. Munthu umalira maliro mwini wake ali moyo, akudya phala patsogolo pako, ndipo palibe amene amabwera kudzakupepesa.

Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ndinakhala nawo miyezi ingapo usana ndi usiku. Maphunziro anachedwa, koma ndinamaliza, ndipo ndinakhoza mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi. Tsiku limene ndinavala yunifolomu kunyumba, agogo anandiyang'ana nthawi yaitali, nakonza chitenje chawo mwaulemu n'kunena kuti, "Anesi, mwabwera kudzaona odwala? Pitani bwino, manja musambe." Sanadziwe kuti ndine mdzukulu wawo, koma langizo linali la azamba enieni. Anatisiya mu 2022, pa mphasa yawo, thupi lawo lopanda chilonda ngakhale chimodzi. Chimenechi banja lathu limanyadira mpaka lero.

Malamulo tili nawo. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu okalamba, ndipo mabungwe monga MANEPO akhala akulankhula za nkhanza zimene nkhalamba zimakumana nazo. Koma lamulo lili ku Lilongwe, pamene mwala uli m'manja mwa munthu m'mudzi, 5 koloko m'mawa. Agogo anga anapulumuka chifukwa munthu mmodzi anawadziwa. Nkhalamba ina ikafika pakhomo panu usiku, yosokonezeka, mwina yosavala bwino, ipatseni nsalu ndi mpando, muifunse dzina la mfumu ya kwawo, ndipo muitane amfumu kapena apolisi. Ngati ndi kholo lanu limene layamba kuiwala, pitani nalo kuchipatala msanga, ndipo BP muziyezetsa inu nomwe mudakali ndi mphamvu. Pa 21 Sepitembala chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira nthendayi. Abusa, mashehe ndi mafumu atati azinenapo mau awiri tsiku limenelo, miyoyo ina ikhoza kupulumuka.

Lero ndimagwira ntchito pa chipatala china cha boma. Nkhalamba yosokonezeka ikagonekedwa m'wodi mwathu, ndimayang'ananso amene wakhala pansi pambali pa bedi. Kawirikawiri amakhala mtsikana, maso ali psu, nthawi zina kope la sukulu lili m'jumbo. Ndikatha kuona wodwala ndimamuitanira pambali n'kumufunsa kuti wagona liti tulo tokwanira, ali kalasi yanji, ndipo kwawo kuli anthu angati. Akayankha, ndimamuuza kuti mawa abwere ndi amalume ake, ndili nawo mau.