Chinkhwe Chapukwa Kwawo

Anthu a kuno ku England amakonda kunena kuti nthabwala za Monty Python munthu wobadwira kwina sangazimve. Amanena mokoma mtima ndithu, ngati akukupepesa usanayambe n'kuonera komwe. Ine ndimakana. Ndinabadwira m'munsi mwa phiri la Dedza ndipo ndinakula m'nyumba yopanda kanema, koma pali timasewero ta anthu amenewa timene timandifika pamtima kuposa mmene timawafikira eni ake. Iwo amaseka n'kupitiriza zochita zawo. Ine ndikaseka, mtima umathawira kumudzi.

Pulogalamuyi, imene dzina lake lonse ndi Monty Python's Flying Circus, inayamba kuonetsedwa pa BBC pa 5 Okutobala 1969 ndipo inatha mu 1974 itakwanitsa zigawo 45. Olemba ake anali amuna asanu ndi mmodzi, ndipo ankasewera okha zimene alembazo: Graham Chapman, John Cleese, Eric Idle, Terry Jones, Michael Palin, ndi Terry Gilliam wa ku America amene ankapanga zithunzi zoyenda zolumikiza kasewero kena ndi kanzake. Nthawi imeneyo kwathu kunalibe nyumba youlutsira kanema. Television Malawi inadzatsegulidwa mu 1999, patapita zaka 30. Ife tinaleredwa ndi wailesi ya MBC, ya mabatire oyanika padzuwa kuti apezeko kamphamvu, banja lonse litazungulira pakhonde kumvera sewero la Kapalepale.

Ndinakumana nawo a Monty Python kuntchito. Ndimasamalira okalamba panyumba ina kumpoto kwa dziko lino, ndipo masana tikatha kuwapatsa tiyi timawaikira mafilimu a nthawi yawo. Pali agogo ena aamuna amene matenda oiwala anawalanda pafupifupi zonse. Mwana wawo akabwera amamufunsa kuti ndi ndani. Koma nyimbo yotsegulira pulogalamuyi ikangolira, ija ya malipenga a asilikali imene anapeka John Philip Sousa, iwo amawongoka pampando n'kudikira. Amadziwa kuti kumapeto kwake kutsika chiphazi chachikulu kuchokera kumwamba kudzaphwanya chilichonse, ndipo chikamatsika nawonso amaponda pansi ndi silipasi yawo. Phazi limenelo Gilliam analidula pa chithunzi chakale cha Bronzino chimene chili ku National Gallery ku London. Agogowa za Bronzino alibe nazo ntchito. Amaponda, n'kutembenuka kuyang'ana ngati enafe taona.

Kasewero kamene amakakonda kwambiri ndi ka Unduna wa Mayendedwe Opusa, ka mu 1970. Cleese, munthu wamtali, miyendo yake yosatha, amatuluka m'sitolo atagula nyuzipepala. Wavala suti yakuda, chipewa chozungulira kumutu, chikwama cha kuofesi m'manja. Kenako amayamba ulendo wa kuntchito: mwendo amauponya m'mwamba kufika pachifuwa, n'kunjuta, n'kubwerera m'mbuyo, n'kukwawa chammbali, nkhope ili gwa, yopanda ndi kamwemwe komwe. Akafika kuofesi amapeza Palin akumudikira, wabwera kudzapempha ndalama za boma kuti akonze bwino kayendedwe kake. Bwanayo amamuuza kuti ayende amuone, n'kumuweruza kuti kayendedweko sikanapuse mokwanira. Amadandaulanso kuti boma likuupatsa undunawo ndalama zochepa kuyerekeza ndi za chitetezo cha dziko. Mlembi amalowa ndi khofi pathireyi, nayenso akuyenda mwa undunawo, ndipo pofika patebulo khofi yense watayika. Palibe amene akudabwa. Apa ndi pamene pali mphamvu ya kaseweroka. Aliyense amene anaimapo pamzere tsiku lathunthu kudikira chidindo, kaya ndi ku Lilongwe kaya ndi kuno, amaidziwa nkhope imeneyo: ya munthu amene akuchita zopanda mutu ndi ulemu wonse wa boma.

Sikuti zonse zimandisangalatsa. Pali timasewero tina timene timaseka anthu a mitundu ina m'njira imene inkaloledwa nthawi imeneyo, ndipo tikafika pamenepo ndimanyamuka kukatsuka makapu. Tina n'totalika mopanda chifukwa. Iwo eni ankadziwa, n'chifukwa chake Chapman ankatulukira atavala ngati mkulu wa asilikali n'kudula sewero pakati, ati lapusa mopyola muyeso. Anthuwa sankafuna kumaliza nthabwala ndi mawu omangira monga ankachitira anzawo. Nkhani ikawatopetsa ankangoisiya.

Koma kasewero ka chinkhwe chakufa, ka mu Disembala 1969, ndi kamene kandichititsa kulemba zonsezi. Cleese amalowa m'sitolo yogulitsa ziweto atanyamula khola la mbalame. Wabwera kudzadandaula: chinkhwe chimene wagula pomwepo mphindi 30 zapitazo n'chakufa. Wogulitsa, amene ndi Palin, amakana. Akuti chikupumula. Wogula amachikuwira m'khutu, kuchilonjeza chakudya, kuchitulutsa m'khola, kuchimenyetsa pakauntala, kuchiponya m'mwamba, icho n'kugwa pansi phi! Wogulitsa akuti ayi, mwachikomola ndinu. Amagwedeza khola mobisa n'kunena kuti onani chasuntha. Amayamikira kukongola kwa nthenga zake. Wogula amamuuza kuti atafika nacho kunyumba anapeza kuti chinkaima pamtengo chifukwa anachikhomerapo ndi msomali. Ndiye pakati pa mabodza onsewo wogulitsa amatulutsa lina: akuti mbalameyo ndi ya ku Norway, ndipo yangoti zii chifukwa yapukwa kwawo, ikulakalaka magombe akuya a dziko lake.

Chipinda chonse chimaseka pamenepa, poti ku Norway kozizira kuja kulibe zinkhwe, ndipo chakufa sichipukwa. Inenso ndimaseka. Koma pa zonse zimene bamboyo ananena, ichi chokha ndi chimene chimachitikadi kwa zamoyo. Munthu akhoza kukhala chete, osadya, osasuntha, ataimikidwa pamalo ndi pepala la chilolezo cha ntchito, ndipo vuto lake lonse n'kukhala loti maso ake akufuna kuona phiri limene analizolowera. Ndawaona anzanga a ku Malawi, a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe ali choncho m'miyezi yozizira, pamene dzuwa limalowa nthawi ya 4 koloko masana, munthu n'kupita kuntchito kuli mdima n'kuweruka kulinso mdima.

Pali chinanso chimene kaseweroka kamandikumbutsa, ndipo ichi n'cholemera. Ife a kutali sitiuzidwa za imfa mwachindunji. Tsiku limene amalume anga anamwalira, mlongo wanga wamng'ono anandiimbira ndili pa shifiti ya usiku.

“Achemwali, muli bwanji kumeneko? Kuno amalume matenda akula pang'ono.”

“Ali kuti? Ndilankhule nawo.”

“Panopa akupumula. Mulankhula nawo mawa.”

Kumbuyo kwa mawu ake ndinkamva amayi ambiri akuimba motsitsa, ndiponso phokoso la mabenchi a kutchalitchi akutsitsidwa pangolo. Palibe amene amabweretsa mabenchi kwa munthu wopumula.

“Iwe, usandibisire. Tandiuza zoona.”

Anakhala chete, kenako anapereka foni kwa amayi. Nawonso anayamba ndi kundifunsa ngati ndadya, ngati ndili ndi anthu pafupi, ngati ndakhala pansi. Mawu enieniwo anadza pomalizira, ndipo anawanena mofulumira ngati akuwotcha pakamwa. Sindiwaimba mlandu. Ankaopa kuti ndikomoka ndekha m'dziko la eni, popanda wondigwira. Wogulitsa wa m'sewero uja amabisa imfa kuti asabweze ndalama, pamene a kwathu amaibisa chifukwa cha chikondi. Koma womverayo zimamupweteka mofanana: ukudziwa chimene chachitika, ndipo uyenera kuchita kukokera munthu kuti achinene. Cleese akafika polusa, n'kuyamba kutchula motsatizana njira zonse zonenera kuti chinthu chafa, kuti chatisiya, chatsogola, chapita kwa Mlengi wake, ine ndimamva munthu amene akungofuna kuti wina avomere naye.

Kasewero ka chinkhweka anakalemba ndi Cleese pamodzi ndi Chapman. Chapman, amene anaphunzira udokotala asanalowe m'zanthabwala, anamwalira ndi khansa pa 4 Okutobala 1989, kutatsala tsiku limodzi kuti pulogalamu yawo ikwanitse zaka 20. Pamwambo womukumbukira ku London, Cleese anaimirira n'kulengeza imfa ya mnzakeyo ndi mawu omwe aja a m'sitolo ya chinkhwe, kenako n'kuyamba kumunyoza mwachikondi, ati malemuyo sakanamukhululukira akanataya mwayi wotere wodzidzimutsa anthu. Olira anaseka misozi ili m'masaya. Kuno zimenezi amazikamba ngati chinthu chachilendo kwambiri, chimene munthu mmodzi wolimba mtima anachita kamodzi.

Kumudzi kwathu zimachitika pamaliro alionse a munthu wamkulu. Usiku pasiwa, nyimbo zikaduka pang'ono, asuweni ndi zidzukulu amatenga jekete la malemu, chipewa chawo, ndodo yawo, n'kuyamba kuwatsanzira. Amalume anga ankayenda mokoka mwendo wamanzere kuyambira pamene anagwa panjinga ali mnyamata, ndipo asanalankhule ankayamba akhosomola kawiri. Mlongo wanga anandiuza kuti msuweni wathu wina anawatengera ndendende, kulowa pabwalo akukoka mwendo, kukhosomola kawiri, n'kufunsa kuti anthu onsewa adya ufa wa ndani. Akuti azakhali, amene anali asanalawe kanthu chimwalirireni mlongo wawo, anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo atatha kuseka analandira phala. Ndalama za bokosi ndinatumiza, mwambo wa kumanda ndinauonera pafoni, chithunzi chikudukaduka. Koma chiseko cha pasiwa chija palibe amene anachijambula, ndipo sichikanatheka kujambulidwa. Chimenecho ndi chimene ndinaphonya, ndipo mpaka lero chimandiwawa kuposa manda amene sindinaponyemo dothi.

N'chifukwa chake ndikaona Cleese ndi Palin atayang'anizana pakauntala, wina akufufuma ndi mkwiyo, wina akuzemba mofatsa, ndimakumbuka anthabwala a kwathu aja, Izeki ndi Jakobo. Nawonso anali awiri, ndipo sankafuna zambiri: malo oimapo, mkangano umodzi, ndi anthu odzaza holo. A John Nyanga, amene anali Izeki, anatisiya mu 2016. A Eric Mabedi, Jakobo, anatsatira mu 2021. Za Monty Python zonse zinasungidwa bwino, zimagulitsidwa, zimaonetsedwanso, ndipo mu 2014 asanu otsalawo anadzaza bwalo la O2 ku London masiku 10. Za Izeki ndi Jakobo ndimazisaka pa intaneti n'kupeza tizidutswa, mawu akunong'ona, chithunzi chachimbuuzi. Komabe ndikakapeza kamodzi ndimakaonera ndekha m'chipinda changa, hita ikulira, n'kumamvetsera kwambiri anthu a m'holomo kuposa oseweretsawo. Kuseka kwa kwathu kuli ndi mawu ake. Wina amakuwa kuti mayo ine, wina amawomba m'manja kamodzi, wina amabwereza nthabwalayo mokweza kuti mnzake wa pambali aimvenso ngakhale waimva kale. Kuno anthu amaseka mwaulemu, aliyense pampando wake.

Ndinafuna kuti a kwathu aoneko chimene chimawasangalatsa agogo anga a kuntchito. Chinkhwe chikanafuna Chingerezi chambiri, choncho ndinasankha gule wa nsomba, kasewero kopanda mawu kosakwana ndi mphindi imodzi yomwe. Anakajambula ku Teddington Lock, pamtsinje wa Thames. Amuna awiri avala makabudula a khaki ndi zipewa za atsamunda. Palin, atagwira tinsomba tiwiri, amavina modumphadumpha kupita kwa Cleese, kumuwaza nato m'masaya pha pha, n'kubwerera, n'kubweranso. Cleese waima njo, osaphethira. Nyimbo ikatha, iye amasolola chinsomba chachikulu n'kumufwapula nacho mnzakeyo kumutu kamodzi kokha, Palin n'kugwera m'madzi chonse chathunthu. Palibe chifukwa, palibe phunziro.

Ndinakatumiza pagulu la banja lathu pa WhatsApp. Woyamba kuyankha anali bambo aang'ono, amene anafunsa ngati nsombazo zinadyedwa pambuyo pake kapena anazitaya, poti ku Dedza chambo chakwera mtengo. Madzulo ake mlongo wanga anatumiza kanema wake. Ana ake awiri ali pabwalo kuseri kwa khitchini, wamng'ono wagwira usipa uwiri wouma, akudumpha kupita kwa mkulu wake, amene wabisa kumbuyo mlamba wowamba umene amayi anagula kuti ukhale ndiwo za Lamulungu. Mlambawo usanafike pamutu, mawu a amayi akumveka kuchokera m'khitchini: “Inu ana inu, ndiwo zangazo! Bweretsani kuno msanga! Ameneyo azakhali anu a ku Mangalande ndi amene akuphunzitsani zimenezi?” Kenako foni ikugwedezeka chifukwa wojambulayo akulephera kuigwira ndi phwete, ndipo amayi akutulukira ndi mthiko m'manja, nawonso akuseka.