Tsiku Limene Aphunzitsi Adakhala Pansi

Tsiku lina m'mwezi wa June, chiperoni chitaphimba phiri la Soche, tidakacheza pa sukulu ina ya pulaimale cha ku Zingwangwa, ndipo adatiloŵetsa m'kalasi la Sitandade 5. Mtsikana wina adaimirira naŵerenga ndime yathunthu ya Chingerezi mosadodoma, kotero kuti anzake adamuombera m'manja. Ife pofuna kumuyamikira, tidamufunsa m'Chicheŵa kuti kodi munthu wa m'nkhaniyo ankathaŵa chiyani. Mwanayo adangozyolika, nayamba kukanda simenti ndi chala cha kuphazi. Mau onse adaŵatchula bwino, koma nkhani sadaimve. Manyazi adatigwira ife, pakuti tidamuyalutsa mwana wosalakwa pamaso pa anzake.

Nthenda imeneyi si yathu yokha. M'chaka cha 1984, Annemarie Palincsar ndi Ann Brown a ku Illinois, m'dziko la Amereka, adalemba za ana otere, odziŵa kutchula mau koma osatola kanthu. Mankhwala awo adali kuphunzitsana mosinthana. Poyamba mphunzitsi amaganiza mokweza kuti ana amve m'mene munthu woŵerenga amalimbanirana ndi nkhani: amalosera zimene zikubwera, amadzifunsa mafunso, amaima pa mau ovuta kuti aŵamasulire, kenaka amamanga ndime yonse m'mau oŵerengeka. Pang'onopang'ono amasiyira ana udindowo, aliyense nthaŵi yake. Patangopita masiku ngati 20, ana amene ankakhoza mafunso atatu mwa khumi adayamba kukhoza asanu ndi aŵiri kapena asanu ndi atatu.

Zonsezi adatifotokozera ndi mayi mphunzitsi wa kalasi lija, ana ataŵeruka. Adazipeza pa intaneti, pa foni yawo yong'aluka galasi: malangizo a pa Reading Rockets, makanema a pa YouTube, ndi timakhadi tokongola tolembedwa ntchito zinayi zija. Tidaonera nawo kanema mmodzi. Ana asanu adazungulira tebulo, aliyense ndi buku lakelake, ndipo m'chipindamo mudali zii. Mayiwo adaseka chapansipansi, nati, "Abambo, ine anga apitirira 100, ndipo buku limodzi amaliunjirira ngati mbale ya ndiwo."

Sadaname. Chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulaimale adakhala aulere ndipo ana oposa miliyoni imodzi adathamangira ku sukulu chaka chimodzi, zipinda za ku Ndirande, Bangwe ndi Mbayani sizidapumepo. Ndondomeko ya boma yophunzitsa kuŵerenga, imene idayamba mu 2016, idalunjika pa Sitandade 1 mpaka 4. Tsono mphunzitsi wa makalasi apamwamba amadzifunira yekha nzeru usiku, pa bandulo yogula ndi ndalama ya ndiwo, ndipo zimene apezazo nzolembedwa m'Chingerezi, ndi anthu amene sadaonepo mwana akulembera pa bondo.

Komabe ife tikuganiza kuti chopinga chachikulu si kuchepa kwa matebulo. Njirayi ifuna kuti wamkulu akhale chete, mwana afunse. Ifunanso kuti mwana anene poyera kuti sadamve. Apa mpamene pagona nkhani. Ife tidaleredwa kuti mwana wofunsafunsa ngwamwano, ndipo ambirife tidamaliza sukulu tisadakwezepo mkono kuulula umbuli wathu, poopa ndodo ndi kuseka kwa anzathu. Chodabwitsa nchakuti makolo omwewo madzulo pabwalo ankatilola kuponyerana ndagi mosinthana, wamng'ono kuzunguza wamkulu, mpaka wolepherayo kupereka mudzi. Luso lofunsa tidali nalo. Tidangolisiya pakhomo pa sukulu monga nsapato zamatope.

Patapita miyezi iŵiri tidabwereranso. Makhadi a pa intaneti aja sadaŵasindikize, chifukwa mtengo umene adaŵauza ku Limbe udaŵabweza. Adang'amba katoni ya sopo nalembapo m'Chicheŵa: wolosera, wofunsa, womasulira, womanga nkhani. Ana adali m'magulu a anthu khumi, ena panja patsinde pa mtengo, ndipo phokoso lake linkamveka kumseu. Tisabise, magulu ena ankangoseŵera, ndipo mnyamata wina adaloseratu nkhani yonse chifukwa adaiŵerenga kale kunyumba. Mayi aja adakhala pansi pakati pa gulu limodzi, choko chili m'thumba, milomo ikuyabwa kufuna kuyankha.

Mtsikana uja adagwira kakatoni ka womasulira. Atafika pakati pa ndime adaima, nayang'ana anzake, kenaka aphunzitsi, nati motsitsa, "Madamu, liwu ili sindikulidziŵa." Padalibe woseka. Mayiwo adayankha kuti, "Funsa anzako, mwanawe, lero ine ndine mwana wa sukulu." Ana khumi adaŵeramira buku limodzi, nabwerera pa mzere wam'mwamba kukafuna tanthauzo.