Tiyeni ku Nkhotakota, tikacheze pakhonde

Ana anga, makalata anu ambiri masiku ano akumabwera ndi dandaulo limodzi. Amayi akuti abambo akafika pakhomo amangoti maso tong'o pafoni. Abambo nawo akuti amayi amayankhula pokhapokha ndalama ya ndiwo ikatha. Ena mukufunsanso kuti sukulu zikatsekera mungapite kuti ndi ana popanda kuboola thumba. Sabata ino ndiyankha zonsezi ndi ulendo umodzi. Konzekani, tipite ku Nkhotakota.

Ndasankha kumeneku chifukwa anthu a kunyanja amadziwa kucheza. Kutentha kwake sikulola munthu kudzitsekera m'nyumba. Dzuwa likapendeka aliyense amakhala pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango, ndipo za mwana wodwala, za ngozi ya pamsewu, za denga lodontha zimakambidwa poyera ngati nkhani za mpira. Pa zaka zanga zonse za unamwino ndidaona kuti chimene chimachedwetsa mabanja ambiri kufika kuchipatala ndi manyazi. Wina ankadziwa kale kuti m'thupi simuli bwino, koma mnzake wogona naye mphasa imodzi sadamuuze. Tsono ulendowu ndi wokaona malo, komanso wokaphunzira kutsegula pakamwa.

Kuchokera ku Lilongwe mutenga msewu wa M14 wopita ku Salima. Mukafika pa Kaphatenga mukhotera kumpoto pa M5, msewu wa m'mbali mwa nyanja, n'kudutsa pa Benga. Ulendo wonse ndi wa makilomita pafupifupi 200. Nyamukani m'mawa kuti mdima usakupezeni panjira. Kwa zaka zambiri msewu umenewu wakhala ukudziwika ndi kupapatiza kwake ndi milatho yodutsa galimoto imodzi nthawi imodzi. Onjezerani apo akabaza, njinga zamoto, mbuzi, ana ochokera kusukulu ndi malole akuluakulu. Mukaona mlatho chepetsani liwiro, ndipo ngati mnzanu wakumasoko walowa kale, mudikireni. Simuchepa unamuna.

Ana akhale kumbuyo, atamangidwa malamba. Mwana wa pamiyendo pampando wakutsogolo ndiye amayamba kumenya galasi mabuleki akapondedwa mwadzidzidzi, ndipo mikono ya mayi singamugwire ngakhale amamukonda chotani. Inu amayi, mukaona kuti abambo akuthamangitsa kapena akusinza, nenani. Inu abambo, mawu amenewo si mwano. Amene wakhala pambali panuyo ndi maso anu achiwiri. Koma nkhani ya ngongole kapena ya apongozi isungeni, si ya pachiwongolero. Ngati mwakwera minibasi, lamulo ndi lomwelo: dalaivala akayamba misala, yankhulani, musadikire kuti wina ayambe.

Musanafike pa boma muwoloka mlatho wa Chia, pomwe madzi a thawale la Chia amalumikizana ndi nyanja ya Malawi. Imani apa. Nsomba zimagulitsidwa m'mbali mwa msewu momwemo. Aonetseni ana kusiyana kwa chambo ndi kampango, ndi kadziwidwe ka nsomba ya lero: maso owala, makha ofiira, mnofu wolimba ukaudina. Musathamangire kunenerera mtengo. Yambani mwapereka moni, mufunse za kunyumba. Amayi ogulitsawo akuuzani ngati kutsogolo msewu uli bwino, ndi komwe mungagone motchipa. Paja safunsa adadya phula.

Pa boma penipeni pitani nawo ana akaone mkuyu wa Livingstone, pafupi ndi chipatala cha St Anne's cha mpingo wa Anglican. Pansi pa mtengo umenewu David Livingstone adakumana ndi Jumbe m'chaka cha 1863, kumupempha kuti asiye malonda a akapolo. Masiku amenewo anthu ankasonkhanitsidwa pano, n'kuwolotsedwa nyanja pa zombo, kenako ulendo wapansi mpaka ku Kilwa. Malondawo sadathe tsiku lomwelo, adapitirira mpaka zaka za m'ma 1890. Chapafupi pomwepo pali tchalitchi cha All Saints, pomwe adaikidwa Bishopu Chauncy Maples amene adamira m'nyanjayi mu 1895, bwato lake litagubuduzika ndi mphepo. Afotokozereni ana zimenezi m'mawu anuanu. Muwauzenso kuti nyanja si dziwe la kumudzi. Mphepo ya mwera ikamakuntha, makamaka kuyambira May mpaka August, ngakhale asodzi okhwima amakokera mabwato awo kumtunda. Mwana asalowe m'madzi popanda wamkulu womuyang'ana, ndipo wamkuluyo asakhale amene wagwira botolo.

Madzulo mukalandiridwa pakhomo pa munthu, yembekezani kondowole kapena mpunga wa komweko, ndiwo yake nsomba. Musakwinye nkhope, kondowole amakoma ukamuzolowera. Funsani eni khomo mmene amakonzera ufa wake. Akuuzani kuti chinangwa chowawa amachisenda, n'kuchiviika m'madzi masiku atatu kapena kupitirira mpaka chifewe, kenako n'kuchiyanika chiume bwinobwino. Si mwambo chabe. Chinangwa chowawa chili ndi chiphe chimene chimachoka poviikapo. Wochita changu chifukwa cha njala amadyetsa ana zoyambitsa chizungulire ndi kusanza, ndipo nthawi zina zimafika poipa.

Tsono ndifike pa nkhani imene ndikufuna muimve bwino inu ongokwatirana kumene. Kunyanja kuli likodzo. Munthu wodwala akakodzera m'madzi, mazira a tizilombo take amaswa n'kulowa mu nkhono za m'madzi, makamaka m'malo a bango ndi madzi odekha. Tikatuluka mu nkhonozo timaboola khungu la amene akusamba, kuchapa kapena kutsuka mbale. Ambiri timangodziwa chizindikiro chimodzi, magazi potsiriza kukodza, ndipo ena amati mnyamata akatero ndiye kuti akukula. Ayi ndithu, amenewo ndi matenda.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti likodzo limafikanso kumalo obisika. Kwa amayi limatha kubweretsa chikazi chachilendo, kuyabwa, kupweteka pokhala malo amodzi ndi abambo, kapena kutaya magazi pambuyo pake. Likakhalitsa limatha kulepheretsa mayi kutenga pathupi, komanso tizilonda take timapereka mpata ku kachilombo ka HIV. Kwa abambo nthawi zina magazi amaoneka mu umuna. Mwaona mmene zizindikirozi zikufanirana ndi matenda opatsirana pogonana? Ndidaonapo amayi akulira pabenchi ya chipatala, atathamangitsidwa kunyumba kuti ayenda njira, pomwe mlandu wawo udali kuchapa zovala za banja lomwelo kunyanja. Nkhani idafika kwa ankhoswe isadafike kwa dokotala.

Sindikunena kuti vuto lililonse la kumeneko ndi likodzo. Ndikuti mukaona chachilendo uzanani, ndipo mupite nonse awiri kukayezetsa musadayambe kulozana zala. Mukawauze achipatala kuti mumakhudza madzi a kunyanja. Mankhwala ake ndi praziquantel, amaperekedwa molingana ndi kulemera kapena kutalika kwa munthu, ndipo amamwedwa utadya. Inu alendo ongosambako kamodzi, kumwa mapilitsiwa mawa lake sikuthandiza, chifukwa amapha tizilombo tokhwima. Dikirani pafupifupi miyezi iwiri, kenako mukaonane ndi achipatala. Ana asukulu akamapatsidwa mankhwalawa, musawaletse.

Usiku wa ku Nkhotakota ndi wa udzudzu. Sikuti zidangochitika kuti ntchito yopopera mankhwala m'nyumba pofuna kuchepetsa malungo idayambira m'boma lino mu 2007. Nyamulani neti yanu, musadalire ya kumalo ogona alendo, ina imakhala yobooka ngati sefa. Mwana akatentha thupi akayezedwe magazi tsiku lomwelo. Akapezeka ndi malungo amalize LA yense, kawiri patsiku kwa masiku atatu, ngakhale ayambe kusewera tsiku lachiwiri. Ndipo inu a kunyanja, neti ya kuchipatala si khoka. Usipa umene mwakola nawo sungalipire moyo wa mwana amene wagona pamtetete.

Tsiku lachiwiri mutha kupita kunkhalango ya Nkhotakota Wildlife Reserve, ya makilomita pafupifupi 1,800 m'bwalo lake lonse. Bungwe la African Parks lidayamba kuisamalira mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 lidasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Mtsinje wa Bua, momwe mpasa umakwera kukaswana, umadutsa momwemo, ndipo msewu wa M18 wopita ku Kasungu umaboola nkhalangoyi. Mukakumana ndi njovu imani patali, musalize hutala, musatsike kukajambula. Tsekaninso mawindo kaamba ka kashembe, ntchentche yoluma mopweteka imene imakonda kutsata galimoto. Kashembe wina amafalitsa matenda a kaodzera, ndipo Nkhotakota ndi limodzi mwa maboma omwe matendawa amapezeka. Poyamba amafanana ndi malungo: kutentha thupi, mutu, kufooka, nthawi zina chotupa polumidwapo. Malungo akapanda kupezeka koma thupi likutenthabe, nenani kuti mudali kufupi ndi nkhalango. Mawu amodzi amenewo amamutsegula maso dokotala.

Ndikudziwa kuti ena mukangoona mchenga woyera ndi madzi a buluu muyamba kufunsa mtengo wa puloti. Dekhani. Kumapeto kwa February 2024 madzi adasefukira ku Dwangwa, kumpoto kwa bomali, n'kudula msewu wa M5 ndi kusiya anthu masauzande opanda pokhala. Chaka chomwecho nyanja idakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo amene adamangidwa kufupi ndi gombe. Musadagule malo, khalani pansi ndi agogo a m'mudzimo muwafunse pomwe madzi adalekezera chaka cha mvula yambiri. Amakulozerani mtengo wake. Mangani kumtunda kwa pamenepo, maziko akhale okwera, ndipo khonde musaliiwale.

Chimbudzi chiyambe, nyumba ibwere pambuyo. Dothi la mchenga limagumuka, choncho dzenje limangiridwe njerwa ndipo litalikirane ndi chitsime. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja adali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira kolorini, ngakhale aoneke oyera chotani. Komanso za pulotizo mugwirizane nonse awiri. Mayi adziwe komwe kuli malowo, amene adagulitsa, mboni zake ndi komwe mapepala akusungidwa. Amasiye ambiri amavutika chifukwa bambo ankati ndidzamuuza nyumba ikatha.

Ulendo wa masiku awiri kapena atatu ukwanira. Nyamulani madzi akumwa, neti, timabuku ta kuchipatala ta ana ndi tayala lapadera lopopa bwino. Madzulo ana akagona, ikani mafoni m'chikwama, mutulutse mphasa pakhonde. Yambani ndi zopepuka, za nsomba ija mudagula pa Chia, za njovu imene idaopseza mwana. Zolemera zibwera zokha: pamene pakupweteka, ndalama imene yasowa, nyumba imene mukulota. Wina akamayankhula, mnzake amvetsere mpaka amalize.

Amene simungakwanitse ulendowu chaka chino musadandaule, khonde lanu lomwelo likwanira, bola muyambe usiku uno. Opita, muyende bwino, mumange malamba, ndipo mukabwerako mundilembere kuti kondowole adakukomerani bwanji.