Ndinagulitsa Njinga Yondidyetsa Chifukwa cha Mpikisano

Ndine wakabaza wa pa Nkando, m'boma la Mulanje. Ndinalowa mpikisano wa njinga m'gulu lomwe silinali langa, pa matayala omwe ndinachenjezedwa kuti ndi otha, ndipo banja langa linapitiriza kuvutika ngakhale mabala anga atapola. Ndikulemba kuti mnyamata wina amene miyendo ikumuyabwa amve nkhaniyi kwa mwini wake.

Njinga yanga inali Hunter ya matayala a 28, keliyala yake yowotcherera, pamwamba pali khushoni. Tsiku la msika ndinkanyamula amayi ndi madengu awo, matumba a nandolo ndi a chimanga, kuchokera m'midzi ya mbali ya ku Mulomba kudzatula pamsewu wa Midima, womwe mu 2006 anaupatsa dzina la Robert Mugabe. Zitunda zomwe anzanga ankatsika n'kumakankha, ine ndinkakwera ndili pachishalo. Pasiteji ankanditama, ndipo matamandowo ndinawakhulupirira mopitirira muyeso.

Mu 2022 tinkaunjikana pa foni ya mnzathu kuonera Biniam Girmay wa ku Eritrea akupambana mpikisano wa Gent-Wevelgem ku Belgium, kenako chigawo china cha Giro d'Italia. Tinamvanso kuti ku Rwanda ena mwa okwera njinga otchuka anayamba ngati akabaza. Kulakalaka kumeneko sikunali kolakwa. Cholakwa chinali choti ndinaona malaya owala ndi matayala opyapyala, osaona zaka zomwe anthuwo anakhala akuphunzitsidwa.

Bungwe lina litalengeza mpikisano wa njinga m'dera lathu, linaika magulu awiri: la njinga wamba ngati zathuzi, ndi la njinga za mpikisano zamagiya. Mphoto ya gulu lachiwirili inali yokulirapo. Madala ena okonza njinga pansi pa mtengo pamsika, omwe anandiphunzitsa kumata chubu ndili mwana, anandiitana. "Mwana wanga," anatero, "lembetsa ku njinga wamba. Kumeneko palibe angakugwire. Ikira Hunter yako matayala atsopano, mangitsa masipoko, basi. Enawo ndi anthu ochita kuphunzira." Ndinawayankha kuti kupikisana ndi akabaza anzanga n'kudzichepetsa.

Ndinagulitsa Hunter ija. Ndalama zitaperewera, ndinakakamiza mayi a kunyumba kuti akakongole ku banki mkhonde m'dzina lawo. Anandifunsa funso limodzi lokha: "Abambo, mukagulitsa njingayi tidzadya chiyani?" Ndinawauza kuti mphoto ikabwera tidzagula ziwiri. Ndinakwera minibasi kupita ku Limbe, n'kukagula njinga ya kaunjika yokhota handulo, yopepuka moti ndinainyamula ndi dzanja limodzi. Ndalama zotsala zikanakwana matayala atsopano ndi helemeti. Ine ndinagulira malaya othina ndi magalasi akuda.

Madala aja ataiona, sanayang'ane felemu kapena magiya. Anagwada n'kutsina tayala lakutsogolo. Anandionetsa manambala olembedwa m'mbali mwake, 700 x 23, n'kundiuza kuti m'lifupi mwake ndi mamilimita 23 okha, pomwe la Hunter limafika pafupifupi 38. Kenako anandionetsa ming'alu ing'onoing'ono yozungulira tayala lonse. Pamwamba linkaoneka latsopano chifukwa linali lisanayende kwambiri, koma mphira wake unali utauma ndi kukhalitsa. "Chikomekome cha nkhuyu," anatero, "m'kati muli nyerere. Mphira wouma sugwira msewu, makamaka kukanyowa." Valavu yake inali yopyapyala, yosagwirizana ndi pampu zathu. Tinachita kulumikiza ndi kachidutswa ka chubu. Mpweya unalowa koma sunafike pamene tayala lotere limafunira. Ndinalitsina ndi chala, ndinamva kuti likubonyoka, koma ndinati lili bwino.

Tsiku la mpikisano kunacha ndi chiperoni. Phiri la Mulanje silinkaoneka, kamvula kowaza kananyowetsa phula lonse. Gulu lathu ndi limene linayamba kunyamuka, a njinga wamba anawatsaliza kuti abwere pambuyo. Ndinathamangira kutsogolo pa giya yolemera, monga ndinazolowera pokoka katundu. Anzanga sanandithamangitse. Anandandalika mzere umodzi, wina kumbuyo kwa mnzake, akusinthana kutsogolo. Pambuyo pake ndinadzamva kuti wobisala kumbuyo kwa mnzake amapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake, chifukwa mphepo imamenya wakutsogolo. Ine ndinkalimbana ndi mphepo ndekha. Pachitunda choyamba anandidutsa onse, miyendo yawo ikuzungulira mopepuka, yanga ikunjenjemera. Khosi ndi msana zinkawawa chifukwa ndinali ndisanazolowere kukwera chowerama.

Kenako ndinamva mabelu kumbuyo. Anali akabaza anzanga, amene ananyamuka mochedwa aja, akundipeza ndi njinga zawo zolemera. Wakutsogolo anali mnyamata yemwe ndinkamusiya kutali tsiku lililonse. Manyazi anandigwira kuposa kutopa. Tinali potsetsereka polowera ku mlatho wa Thuchila, ndipo ndinasiya mabuleki, ndinawerama, n'kuilola njinga kuti ipite. Kutsogolo kunali kadziwe ka madzi. Dzenje lomwe linali pansi pa madziwo ndinkalidziwa, ndinkalidutsa ndi Hunter osalilabadira. Ndinayesa kulizemba, tayala louma lija linaterereka, linamenya m'mphepete mwa dzenjelo, limu inatsina chubu, mpweya wonse unatuluka nthawi yomweyo. Handulo inandipulumuka. Ndinagwera phewa lamanja ndi nkhope, mutu wopanda chouteteza. Amene anaima n'kundichotsa pamsewu anali akabaza awiri, ndipo potero anataya mpikisano wawo chifukwa cha ine.

Kuchipatala anandiuza kuti fupa la pakati pa khosi ndi phewa lathyoka, ndipo anandimanga dzanja pachifuwa. Mano awiri akutsogolo anatsala pamsewu. Adokotala anati mutu wapulumuka mwamwayi. Njinga inapindika foloko ndi limu, ndipo zitsulo zake sizinkapezeka pa Nkando. Ndinaigulitsa ngati zotsalira.

Zowawa zenizeni zinali kunyumba. Tsiku lobweza ngongole litafika, amayi a ku banki mkhonde anabwera pakhomo, ndipo anali ndi ufulu wotero chifukwa ndalamazo zinali zawo. Amene anaimirira pamaso pawo, mutu uli pansi, ndi mkazi wanga, yemwe anakana maganizowa pachiyambi. Anatenga mbuzi zathu. Nandolo tinamugulitsa akadali m'munda, pamtengo womwe wogula anafuna. Chaka chimenecho sitinagule feteleza, chimanga chinatha msanga, ndipo mayi a kunyumba ankapita kukalima ganyu m'minda ya eni, mwana ali kumbuyo, ine nditakhala pakhonde. Mwana wathu wamkulu anajomba teremu yathunthu. Malume a mkazi wanga anaitanitsa ankhoswe, ndipo ndinakhala pamphasa ndikumva mlandu womwe ndinalibe poukanira. Nditachira ndinapeza makasitomala anga atazolowera njinga zamoto. Ndinayambiranso pa njinga yobwereka, yomwe mwini wake ndinkamupatsa ndalama madzulo alionse, kupeza kapena kusapeza. Mpaka lero phewali limawawa kukazizira. Mnyamata uja ndinkamuderera ndiye anapambana gulu la njinga wamba, pa njinga yake ya tsiku ndi tsiku, atangoikako matayala atsopano.

Zomwe ndinakana kumva kwa madala aja ndinadzazimvetsa ndili chigonere. Magulu amawaika kuti ofanana apikisane okhaokha. Bungwe la UCI, loyendetsa masewera a njinga padziko lonse, limasiyanitsa a zaka 17 ndi 18, a zaka 19 mpaka 22, ndi akatswiri aakulu. Ngakhale m'mipikisano ya galimoto amagawa potengera kukula kwa injini ndi zomwe mwini wasintha, ndipo mtundu wa tayala pawokha ungakusamutsire m'gulu la amene anawononga ndalama zambiri kukuposa. Gulu sulisankha poona mphoto, koma poona njinga yomwe uli nayo, thupi lomwe waphunzitsa ndi thumba lako.

Za matayala, ngakhale akatswiri a Tour de France masiku ano anasiya a mamilimita 23. Ambiri amakwera a 28 kapena kuposerapo, chifukwa otakata amagwira bwino ndipo sataya liwiro pamsewu wokumbika. Ngati iwo amatero pa misewu ya ku France, nanga ife pa Midima? Yang'ana m'mbali mwa tayala ngati muli ming'alu. Popa mpweya wofika pa mlingo wolembedwa patayalapo, ndi pampu yoyenera. Labwino kwambiri uike kutsogolo, chifukwa lakumbuyo likaphulika umaima, koma lakutsogolo likaphulika umagwa. Ndipo njinga yachilendo uyambe waikwera kwa miyezi, padzuwa ndi pamvula, usanapite nayo pamzere.

Sindikuletsa munthu kupikisana. Girmay anapambana zigawo zitatu za Tour de France mu 2024, ndipo mu September 2025 mzinda wa Kigali unachititsa mpikisano wa padziko lonse lapansi wa njinga zapamsewu, koyamba mu Africa. Pa Nkando, pa Chisitu ndi pa Chitakale pali anyamata a miyendo yoti ingafike patali. Koma achimwene anga akabaza, yambirani m'gulu lanu, gulani matayala ndi helemeti musanagule malaya, mverani amene anayamba kugwira sipanala inu musanabadwe, ndipo njinga yomwe ikudyetsa ana anu musaigulitse chifukwa cha mphoto yomwe simunaigwire.