Rauta, Switchi ndi Kabokosi ka Amalume

Pali mawu awiri amene ndalimbana nawo chaka chino chonse, ndipo si mawu a m'ndakatulo ayi. Mawuwo ndi rauta ndi switchi. Ife ophunzira za makompyuta timawatchula m'mawa ndi madzulo mpaka lilime linazolowera, koma munthu wa kumudzi akafunsa kuti zinthu zimenezi n'chiyani, ndaona anzanga anzeru ndithu akungokanda m'mutu, kenaka n'kunena kuti Chichewa chilibe mawu ake. Yankho limeneli ine sindilivomera. Sindivomerezananso ndi aja amene afuna kuti tikhale pansi ndi kupeka dzina latsopano la chipangizo chilichonse, ngati kuti vuto lagona pa dzina.

Lowani m'chipinda cha makompyuta pano pakoleji, mutsate zingwe zija kumene zikupita. Mudzapeza zonse zalowa m'bokosi lafulati la mabowo 24 kapena 48, timagetsi tobiriwira tikuphethira. Imeneyo ndiyo switchi. Kompyuta iliyonse ili ndi nambala yake imene inabadwa nayo ku fakitale, yotchedwa MAC, ndipo switchi imagwira ntchito ndi nambala zimenezi monga achitira mesenjala watsopano pa ofesi. Tsiku loyamba mesenjalayo sadziwa amene amakhala m'chipinda chilichonse, tsono kalata ikafika amagogoda makomo onse. Koma munthu akamupatsa kalata yoti apereke, iye amaona dzina la wotumizayo ndi khomo limene watulukira, nasunga mumtima. Posakhalitsa sagogodanso pachabe. Amangolunjika pa khomo loyenera. Switchi isanabwere kunali chipangizo china, habu, chimene sichinkaphunzira kanthu. Icho chinali ngati wolengeza maliro usiku, amene amafuulira mudzi wonse ngakhale uthengawo ukhale wa banja limodzi.

Mesenjala ameneyu nzeru zake zimathera pa mpanda wa ofesi. Kalata yopita kutali imafuna positi, ndipo positi ndiye rauta. Rauta imaima pa malire a netiweki ina ndi inzake, ndipo imawerenga keyala ya mtundu wina, ya IP, imene imanena dera limene kompyuta ili. Chimene chimandikondweretsa pa rauta n'chakuti njira yonse siyidziwa. Kalaliki wa pa positi ku Zomba akalandira kalata ya ku Chitipa sadziwa nyumba ya mwini wake. Angodziwa kuti iyenera kulowa m'thumba lopita kumpoto, zotsalazo akaona anzake a kutsogolo. Rautanso ili ndi mndandanda wake umene umaiuza mnzake wotsatira woti impatsire, basi. Ndipo poopa kuti uthenga wosokera ungazungulire mpaka kalekale, paketi iliyonse imanyamula nambala yosapitirira 255, imene rauta iliyonse imachotsapo 1. Ikafika pa 0, paketiyo imatayidwa.

Mwaona kuti pofotokoza zonsezi Chichewa sichinapunduke paliponse. Nanga Chingerezicho, kodi mawu ake anatsika kumwamba? Iyayi. Anatoledwa m'misewu, m'mapositi ndi m'nyumba za lamya. Mawu akuti paketi anawasankha Donald Davies, wa ku National Physical Laboratory ku Britain, cha m'ma 1965 ndi 1966, pofuna kutchula tizidutswa timene uthenga umadulidwa usanatumizidwe. Mnzake wa ku America, Paul Baran, anali ataganiza kale nzeru yofanana nayo, koma dzina lake lalitali silinagwire. Davies anafuna dala mawu aafupi, osavuta kuwanena m'zinenero zina, ndipo anachita bwino, pakuti ngakhale agogo anga, amene sanakhalepo pa benchi la sukulu, amadziwa paketi ya shuga.

Ndiponso eni akewo mayina awo sali m'malo mwake monga tiganizira. Mu 1969, pamene ARPANET inayamba ku America, makina opatsirana mauthenga ankatchedwa IMP. Mu 1974 Vinton Cerf ndi Robert Kahn, polemba za kulumikiza manetiweki osiyana, chipangizo cha pa malirecho anachitcha gateway, ndiye kuti chipata. Dzina lakuti rauta linafala pambuyo pake, koma lakalelo silinafe: mpaka lero mukatsegula kompyuta yanu mudzapeza rauta ya pakhomo panu italembedwa kuti default gateway. Nambala ija ya 255 amaitcha time to live, ngati kuti imawerenga nthawi, chonsecho imawerenga marauta. Atapanga IPv6 anaisintha dzina n'kukhala hop limit. Ngakhale katchulidwe sagwirizana, pakuti wa ku London amati ruta, wa ku New York amati rauta. Ifenso tinachitapo zotere. Sitima inali ya pamadzi, dzina lochokera ku masitima a nthunzi a pa Shire ndi panyanja. Itabwera ya panjanji tinangoti sitima yapamtunda, ndipo palibe anasokera ulendo chifukwa cha dzinalo.

Kumene anthu amasokera n'kwina, ndipo ndinakuona ndi maso anga pa tchuthi chapitachi. Amalume anga ndi mphunzitsi wamkulu pa sekondale ina ya kumudzi. Sukuluyo inalandira makompyuta, ndipo makolo anasonkha ndalama kuti ana alumikizidwe ku intaneti. Kampani ina inaika modemu yake mu ofesi, kompyuta imodzi n'kuyamba kugwira. Amalume anakwera basi kupita m'tauni, nalowa m'sitolo ina, nanena kuti afuna kabokosi kogawa intaneti. Mnyamata wogulitsa sanafunse funso ngakhale limodzi. Anawapatsa switchi, nawalembera lisiti. Atafika kusukulu analumikiza zingwe zonse bwinobwino, timagetsi tinayaka, koma intaneti inkagwirabe pa kompyuta imodzi yokha, iliyonse imene yayamba kuyatsidwa.

Ndinawapeza atakhala pakhonde, nkhope ili gwa. Chimene chinkawadya mumtima si makompyuta ayi, koma komiti. Kumudzi ndalama ya makolo ikagula chinthu chosagwira ntchito, palibe amene amanena kuti aphunzitsi analakwitsa dzina. Amati aphunzitsi adya. Munthu amene wagwira choko zaka zambiri popanda chitonzo anali pafupi kutchedwa wakuba chifukwa cha mawu awiri amene sanawaphunzirepo.

"Mphwanga," anatero, "iwe amene ukuwerenga zimenezi, tandiuza, andibera kapena?"

Ndinati, "Amalume, kuba sanakubereni, koma akupatsani chimene simunafunikire kuyamba nacho." Tsono ndinawafotokozera za mesenjala ndi positi, monga ndafotokozera inu. Kampani ija inapatsa sukulu keyala imodzi yokha. Switchi siingagawe keyala; imangofikitsa zinthu pa makomo a m'kati. Pafunika rauta yoti itenge keyala imodziyo, ipatse kompyuta iliyonse keyala ya m'kati, ndipo izikumbukira amene watumiza chiyani kuti yankho likabwera limpeze. Sindinamalize n'komwe. Anaseka koyamba tsiku limenelo, nati, "Ndiye kuti talemba mesenjala pamene positi tilibe." Pa msonkhano wa komiti analankhula okha, m'mawu awo, ine ndili chete kumbuyo. Switchi sinabwezedwe, pakuti inali yofunikabe kuseri kwa rauta, ndipo a tcheyamani anavomera kuti ndalama yotsala igule chosowacho.

Mnyamata wa m'sitolo uja sindimuikira kumbuyo, komabe chisokonezo chake ndikuchimvetsa. Kabokosi kamene timakatcha rauta m'nyumba zathu ndi zinthu zitatu kapena zinayi m'chikopa chimodzi: muli rauta yeniyeni, muli kaswitchi ka mabowo anayi, muli kawailesi ka Wi-Fi, ndipo kena kali ndi modemu yomwe. Munthu amene anangoloweza dzina amayesa bokosi lililonse la timagetsi ndi chimodzimodzi. Anzanga ena a m'kalasi amakhoza mayeso mwa njira yomweyo, kuloweza matanthauzo a Chingerezi ngati vesi la Sande sukulu.

Chithunzi cha positi chimafika patali kuposa sukulu ya amalume. Marauta aakulu a makampani amauzana njira mwa dongosolo lotchedwa BGP, limene linayamba mu 1989, ndipo kwa zaka zambiri ankangokhulupirirana monga anthu a pa chitsime. Pa 24 February 2008 kampani ya lamya ya boma la Pakistan, pofuna kutseka YouTube m'dziko mwake, inalengeza kuti njira ya ku YouTube yadzera kwa iyo. Mbiriyo inadumpha malire, marauta a maiko ambiri anaikhulupirira, ndipo kwa maola pafupifupi awiri makalata a dziko lonse ankathera m'thumba lolakwika. Pa 4 October 2021 Facebook ndi WhatsApp zinazima maola pafupifupi 6 chifukwa marauta a kampaniyo analeka kulengeza njira zake. Usiku umenewo anzanga a mu hositelo ankazimitsa ndi kuyatsa mafoni, ena n'kumatukwana bandulo yawo, pamene foni ndi bandulo zinalibe mlandu.

Amalume andipempha kuti tchuthi chikubwerachi ndikaphunzitse ana a Fomu 3 masabata awiri. M'kope langa ndasiya rauta ndi switchi monga zilili, pakuti ndiwo mayina amene anawo akawapeze m'sitolo ndi pa mayeso. Gateway ndalemba chipata. Bridge, kholo la switchi la makomo awiri, ndalemba mlatho. Ntchito zake zonse ndalemba m'Chichewa: kulondolera, kupatsira, kusefa, kutaya. Tsiku loyamba sitidzayatsa kompyuta. Ndapempha maenvulopu akale a mu ofesi, ndipo mwana mmodzi adzakhala mesenjala, atatu adzakhala mapositi.